Mwana Wamkazi Akafuna Udokotala wa Chiwerengero cha Anthu

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane nkhani ya sukulu, koma sukulu yake ndi ya pamwamba penipeni, imene ambiri a ife timangoimva pa wayilesi tsiku limene ophunzira akulandira madigiri awo. Masiku ano m'mabanja mwathu mwayamba kupezeka atsikana amene atsiriza digiri yoyamba, ena yachiwiri, ndipo akabwera kumudzi pa tchuthi amatiuza kuti akufuna kupitirira kuti akatenge digiri ya udokotala. Mawu akuti dokotala akangomveka nthungululu zimayamba, poti aliyense maganizo ake amathamangira kuchipatala. Koma mwana uja akalongosola kuti udokotala wakewo ndi wa chiwerengero cha anthu, nthungululu zija zimazilala, ndipo azakhali amafunsa kuti, "Nanga dokotala wosabaya jakisoniyo adzatipindulira chiyani? Kuwerenga anthu nakonso n'kofuna zaka zinayi?"

Funso limeneli n'lomveka, ndipo amene alifunsa sanalakwe, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Cholakwa chingakhale kumugwetsa ulesi mwanayo tisanamvetse chimene akufuna kukachita. Alipo atsikana anzeru amene abwerera panjira chifukwa cha mawu a m'khichini, mawu olankhulidwa mwachikondi koma mosadziwa. N'chifukwa chake ndaganiza kuti tiione nkhaniyi mofatsa, kuti tidziwe kuti maphunzirowa ndi otani, njira yake imadzera kuti, ndiponso kuti ife makolo, apongozi ndi abambo a m'nyumba tingachitepo chiyani.

Kuwerenga odikira nsima

Tiyambe ndi zimene tikuzidziwa kale. Mayi aliyense asanatape ufa m'dengu amayamba wawerenga anthu amene akudikira nsima. Akamakolola amayang'ana nkhokwe ndi kuwerengera mumtima ngati chimangacho chidzafike mwezi wa Febuluwale, ndipo powerengerapo saiwala kuti mtengwa ndi woyembekezera, kuti mnyamata wamkulu akupita ku Joni, ndi kuti ana a malemu achemwali ake abwera kudzakhala pakhomo pomwepo. Mayi ameneyu mwina sanapite patali ndi sukulu, komabe zinthu zitatu zimene akuzisunga m'mutuzo ndizo mizati ya maphunziro amene tikunenawa, ndizo kubadwa, kumwalira ndi kusamuka. Palibe njira ina imene chiwerengero cha anthu pamalo chimakwerera kapena kutsikira kupatula zitatu zimenezi.

Dziko nalonso ndi khomo, kungoti ndi lalikulu kotero kuti munthu sangalisunge m'mutu. Pamafunika anthu ophunzitsidwa bwino amene ntchito yawo ndi kudziwa kuti tilipo angati, a misinkhu yanji, tikukhala kuti, ndipo zaka khumi kapena makumi awiri zikubwerazi tidzakhala angati. Maphunziro ake m'Chingerezi amawatcha demography. Dzinali analiyambitsa Mfalansa wina, Achille Guillard, m'chaka cha 1855, koma ntchitoyo inayamba kale dzina lisanabwere. M'chaka cha 1662 John Graunt, munthu wamalonda wa mumzinda wa London, anasanthula mndandanda wa maliro ndi maubatizo umene unkalembedwa mumzindawo sabata ndi sabata, ndipo mwa zina anapeza kuti ana aamuna amabadwa ochulukirapo pang'ono kuposa ana aakazi. Chimenechi n'choona mpaka lero.

Tsono pali nthambi ina ya maphunzirowa imene amaitcha applied demography, ndiye kuti kugwiritsa ntchito chiwerengero cha anthu poyankha mafunso a tsiku ndi tsiku a boma, makhonsolo, zipatala ndi makampani. Ana amene abadwa chaka chino ku Mangochi adzafuna malo mu Sitandade 1 pakatha zaka zisanu ndi chimodzi. Kodi zipinda zophunziriramo zidzafunika zingati, ndipo aphunzitsi ayambe kuphunzitsidwa liti? Katemera wa chikuku aitanitsidwe wochuluka bwanji? Azamba atumizidwe angati ku chipatala chiti? Mjigo ukumbidwe m'mudzi uti? Ku America, yunivesite ya Texas ya mumzinda wa San Antonio imadziwika ndi digiri ya udokotala ya dzina lomweli. M'mayunivesite ena ambiri digiriyi imangotchedwa ya demography kapena ya population studies, ndipo wophunzirayo ndiye amasankha mutu wokhudza mavuto a kwawo.

Zimene manambala atiuza

Kuti tione kulemera kwa ntchitoyi tiyang'ane m'dziko lathu lomwe lino. Kalembera woyamba titalandira ufulu wodzilamulira anachitika m'chaka cha 1966, ndipo anapeza anthu 4,039,583. M'chaka cha 1977 tinali 5,547,460, m'chaka cha 1987 tinali 7,988,507, ndipo m'chaka cha 1998 tinali 9,933,868. Pofika 2008 tinali titadutsa 13 miliyoni. Kalembera wa mu Sepitembala 2018, amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachititsa, anapeza anthu 17,563,749. Mwa anthu amenewa akazi anali 51 mwa 100 aliwonse, okhala kumidzi anali 84 mwa 100 aliwonse, ndipo theka la anthu onse anali ana osafika zaka 18. Mzinda wa Lilongwe, umene m'chaka cha 1966 unali kamzinda ka anthu osafika 20,000, unapezeka ndi anthu 989,318.

Kulemba manambala amenewa ndi ntchito ya alembi oyenda khomo ndi khomo. Kuwamasulira ndiye ntchito ya dokotala amene tikumunenayu, ndipo apa m'pamene pagona luso. Taonani chitsanzo. Pakati pa 1977 ndi 1987 chiwerengero chathu chinkakwera ndi anthu 3.7 pa 100 aliwonse pachaka, koma pakati pa 1987 ndi 1998 chinangokwera ndi anthu 2 pa 100 aliwonse. Munthu wosadziwa akanathamangira kunena kuti amayi a ku Malawi anasiya kubereka. Koma wophunzira amakumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980 abale athu ambirimbiri ochokera ku Mozambique anathawira kuno chifukwa cha nkhondo, ndipo anabwerera kwawo pambuyo pa pangano la mtendere la 1992. Amakumbukiranso kuti zaka zomwezo n'zimene Edzi inayamba kutitengera anthu ambiri. Boma likanakhulupirira kuti kubereka kwatsika, likanamanga sukulu zochepa pamene ana anali kuchulukirachulukira.

Chitsanzo china ndi ichi. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa m'chaka cha 1992 anapeza kuti mayi wa ku Malawi ankabereka ana pafupifupi asanu ndi awiri pa moyo wake, kapena kuti 6.7 pa mawerengedwe a akatswiri. Pofika 2010 nambalayi inali pa 5.7, ndipo kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza 4.4. Nanga ngati amayi akubereka ana ochepa kusiyana ndi kale, bwanji anthu akuchulukirabe? Yankho lake ndi lakuti atsikana amene anabadwa nthawi imene mabanja anali aakulu ndi ochuluka zedi, ndipo tsopano afika msinkhu wokhala amayi. Ngakhale aliyense wa iwo atabereka ana atatu okha, ana onse pamodzi adzakhala ambiri kuposa a m'badwo wapitawo. Zili ngati mphika wa nyemba umene umabwatabe kwa kanthawi ngakhale mwaphula pamoto. Pakati pa 2008 ndi 2018 tinkawonjezeka ndi 2.9 pa 100 aliwonse pachaka, ndipo pa liwiro lotere anthu amachuluka kawiri pa zaka pafupifupi 24 zokha, pamene munda wa makolo uli womwewo.

Manambala omwewa amatipatsanso chifukwa choyamikira. Pa kafukufuku wa 1992, ana 234 mwa 1,000 aliwonse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016 nambalayi inatsika kufika pa 63. Amayi omwalira pa zifukwa za uchembere anali 1,120 mwa ana 100,000 obadwa amoyo pa kafukufuku wa 2000, ndipo anatsika kufika pa 439. Pakanapanda owerengawa sitikanadziwa kuti katemera, masikito ndi kuchilira kuchipatala zikupulumutsadi miyoyo, ndipo sitikanadziwanso kuti ntchito ikadalipo yaikulu.

Mboni zake ndife amayi

Pali chinthu china chimene ambiri sitichidziwa, ndicho chakuti gawo lalikulu la nzeru zimenezi limachokera pakamwa pa ife amayi. M'mayiko olemera mwana aliyense akabadwa amalembedwa, munthu aliyense akamwalira amalembedwa, ndipo katswiri amangotsegula mabuku a boma. Kwathu kuno, kwa zaka zambiri, ana ankabadwira m'midzi ndipo maliro ankaikidwa popanda cholembedwa chilichonse. Lamulo lolembetsa anthu m'kaundula linakhazikitsidwa m'chaka cha 2010, ndipo kulembetsa zitupa za unzika kwa anthu onse kunachitika m'chaka cha 2017. Nanga kale lonselo ankadziwa bwanji?

Katswiri wina wa ku Scotland, William Brass, amene anagwirapo ntchito kum'mawa kwa Africa asanakaphunzitse ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, anapeza njira yake. Iye anaona kuti mayi akhoza kuiwala chaka, koma saiwala ana amene anabereka ndi amene anawaika m'manda. Motero anakonza masamu oti ukafunsa amayi a misinkhu yosiyanasiyana mafunso awiri okha, akuti mwabereka ana angati ndipo amoyo ndi angati, ukhoza kudziwa kuchuluka kwa imfa za ana m'dziko lonse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mayi wina wophunzira, Wendy Graham, pamodzi ndi Brass ndi mnzawo wina, anakonza njira yofanana nayo yoyezera imfa za uchembere, imene anayamba kuiyesa m'dziko la Gambia. Njirayi imafunsa anthu za alongo ndi achemwali awo a bere limodzi: analipo angati amene anafika pa msinkhu, amwalira angati, ndipo mwa omwalirawo ndi angati amene anamwalira ali ndi pakati, pobereka kapena atangochira kumene.

Mafunso otere ndi olasa mtima, ndipo tonse tikudziwa kuti pali zinthu zimene mayi sangaziulule kwa mlendo wofunsa mosasamala. Mwana amene anangokhala tsiku limodzi ambiri samutchula. Mimba yopita padera siikambidwa pagulu. Agogo ukawafunsa zaka amangoti 60 kapena 70, kotero kuti pa kalembera anthu amaunjikana pa zaka zothera ndi 0 kapena 5, ndipo katswiri amayenera kuwongola zimenezi ndi masamu. Mwana wathu amene anakulira pa mtondo, amene amadziwa kuti mawu akuti "anabwerera" akutanthauza chiyani pakamwa pa mayi wofedwa khanda, angathe kulemba funso m'njira yoti yankho loona lituluke. Nzeru ya kufunsa kotere siiphunzitsidwa ku London kapena ku Texas. Mwana wathu amapita nayo kuchokera kuno.

Njira yake imadzera kuti?

M'mera m'poyamba. Ulendo umenewu umayambira ku sekondale, ndipo khomo lake ndi masamu. Mtsikana amene wakhoza bwino masamu ndi Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 akhoza kutenga digiri yoyamba m'maphunziro a demography, statistics, zachuma, zachikhalidwe cha anthu, jogalafe kapena zaumoyo. Ku Chancellor College ku Zomba, imene tsopano ndi University of Malawi, gawo lophunzitsa za chiwerengero cha anthu linayamba m'zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu ya UNFPA. Akatha digiri yoyamba ya zaka zinayi pamabwera digiri yachiwiri ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Ambiri amayamba agwirako ntchito kanthawi, ndipo n'chinthu chanzeru, pakuti ku ntchito n'kumene munthu amakumana ndi funso loti lidzamudyetse zaka zinayi osatopa nalo.

Digiri ya udokotala, imene ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti PhD, ndi yosiyana ndi sukulu zonse zimene tinazizolowera. Kusukulu zina mphunzitsi amadziwa yankho ndipo wophunzira amaloweza. Kuno wophunzira amafunsa funso limene palibe amene analiyankhapo, ndipo amayenera kupeza yekha yankho lake ndi umboni wokhutiritsa akatswiri anzake. Amayamba ndi kupeza mphunzitsi wamkulu woti amuyang'anire. Kenaka amalemba ndondomeko yofotokoza funso lakelo, chifukwa chake lili lofunika, ndi kumene adzapeze manambala. Ngati adzafunsa anthu m'midzi, amayenera kupeza chilolezo ku komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu ndi ulemu wa anthu. Akatero amasonkhanitsa ndi kusanthula manambala pa kompyuta, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga R ndi Stata, n'kulemba buku lalikulu la zimene wapeza. Pomaliza, m'mayunivesite ambiri, amakhala pamaso pa akatswiri amene awerenga bukulo ndipo amamupanikiza ndi mafunso kwa maola angapo.

Ku Britain ulendowu umatenga zaka zitatu kapena zinayi. Ku America umatalikirapo, chifukwa zaka ziwiri zoyamba wophunzira amalowa m'kalasi ndi kulemba mayeso aakulu asanaloledwe kuyamba kafukufuku wake. Koma sikuti aliyense ayenera kuwoloka nyanja. Ku Ghana kuli Regional Institute for Population Studies, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 ndi United Nations pamodzi ndi boma la dzikolo. Ku Johannesburg, yunivesite ya Witwatersrand imaphunzitsa maphunzirowa mpaka pa udokotala. Manambala oti munthu agwiritse ntchito nawonso alipo ochokera konkuno. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, akatswiri akhala akulemba kubadwa, kumwalira ndi kusamuka kwa anthu a m'deralo kuyambira 2002, ndipo kumeneko n'kumene kunaoneka msanga kuti imfa za akuluakulu zayamba kutsika mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere. Ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi kuli mabanja amene akhala akuyenderedwa ndi ofufuza a yunivesite ya Pennsylvania kuyambira 1998.

Nkhani ya ndalama ndiyo imaopsa ambiri, ndipo pamenepa ndikufuna kuchenjeza makolo. Musagulitse munda kapena ng'ombe kuti mulipirire mwana digiri imeneyi kunja. Mtengo wake ndi woposa chuma cha banja wamba, ndipo ambiri amene amaitenga amadalira thandizo la maphunziro, monga la Commonwealth, kapena la mayunivesite eni ake amene amalipira wophunzira pamene iye akuwathandiza kuphunzitsa ndi kufufuza. Palinso bungwe la CARTA, lotsogozedwa ndi African Population and Health Research Center ya ku Nairobi pamodzi ndi yunivesite ya Witwatersrand, limene limathandiza aphunzitsi achinyamata a m'mayunivesite a mu Africa kutenga udokotala. Bungweli linaganizirako amayi, pakuti lakhala likulola woyamwitsa kubwera ku maphunziro ndi khanda lake pamodzi ndi womulerera. Mwana afunefune thandizo lotere, alembe makalata ambiri, ndipo akakanidwa chaka chino ayesenso chaka chamawa.

Walira mvula walira matope

Tisanamizane, amayi anzanga, njirayi ili ndi minga. Yoyamba ndi kusungulumwa. Wophunzira udokotala amatha miyezi ali yekha ndi kompyuta, akulimbana ndi funso limene ngakhale mwamuna wake salimvetsa. Nthawi zina chaka chathunthu chimatha manambala akukana kugwirizana. Nthawi zina mphunzitsi womuyang'anira amachedwa kuwerenga zimene walemba, kapena amabweza mutu wonse kuti aulembenso. Ambiri amene amasiyira panjira nzeru amakhala ali nazo, koma amatopa poona kuti palibe wowalimbitsa mtima.

Munga wachiwiri ndi wa ife akazi tokha. Zaka zimene munthu amatenga udokotala, kuyambira cha m'ma 28 mpaka 40, ndi zaka zomwezo zimene mkazi amakhala akumanga banja ndi kubereka. Mwamuna akapita kusukulu amasiya ana m'manja mwa mkazi wake, ndipo mudzi wonse umamutamanda. Mkazi akapita kusukulu, mudzi womwewo umayamba kunong'ona kuti wathawa banja. Uku n'kuweruza ndi miyeso iwiri. Ndikupempha inu atsikana kuti nkhani imeneyi muziikamba poyera ndi amuna anu musananyamuke, ndipo ngati n'kotheka ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhalepo. Mugwirizane kuti ana adzakhala ndi yani, ndalama zidzayenda bwanji, mudzaonana kangati pachaka, ndipo mwana wotsatira adzabwera liti. Zimene sizinakambidwe poyamba n'zimene zimadzapasula nyumba pambuyo pake. Mukafika kumeneko musaleke kulankhula ndi a kunyumba, ndipo mukabwera pa tchuthi musaiwale kugwada popereka moni kwa apongozi. Digiri siichotsa ulemu.

Kwa inu abambo amene mumawerenga tsamba lino mobisa, ndikudziwa kuti mulipo, mawu anga ndi awa. Mkazi wanu akaphunzira sikuti inu mwachepa. Kusambitsa mwana ndi kumuperekeza kusukulu kwa zaka zitatu sikunachotsepo ndevu za munthu. Anzanu a pa bawo adzakusekani, koma tsiku limene mayi a kunyumbawo adzavale mkanjo wa udokotala, omwewo adzafuna kujambulitsa nanu chithunzi.

Kwa ife amayi ndi apongozi, ntchito yathu ndi yaikulu kuposa ya onse. Mutu umodzi susenza denga. Mdzukulu akasiyidwa m'manja mwathu timulere mokondwa, ndipo tisamamuuze kuti amayi ake anamutaya. Tikamalankhula ndi mwana wathu pa foni tisamayambe ndi funso lakuti, "Kodi sukulu yakoyo idzatha liti?" Iye amadzifunsa yekha funso limenelo usiku uliwonse. Tisamuunjikirenso mavuto onse a pamudzi poganiza kuti poti ali kunja ndiye kuti ali ndi ndalama. Kandalama kamene amalandira n'kongokwanira nyumba ndi chakudya m'mayiko okwera mtengo. Maliro ndi matenda aakulu timuuze, koma mkangano wa malire a dimba ungathe kudikira.

Akabwerako adzachita chiyani?

Funso la azakhali lija, lakuti adzatipindulira chiyani, liyenera kuyankhidwa moona. Udokotala umenewu si njira yolemerera msanga, ndipo amene akufuna chuma cha changu asankhe malonda. Koma ntchito zake zilipo ndipo ndi zolemekezeka. Akhoza kuphunzitsa ku yunivesite, kugwira ntchito ku National Statistical Office, ku maunduna a zaumoyo, zamaphunziro ndi zachuma, ku mabungwe a United Nations, kapena ku mabungwe ofufuza monga African Institute for Development Policy, limene linayambitsidwa m'chaka cha 2010 ndi Mmalawi mnzathu Dr Eliya Zulu. Pamene namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 ndi kusiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala, opereka thandizo anafunika kudziwa kuti m'dera lililonse munali anthu angati, ana angati ndi okalamba angati. Pamene madera a aphungu a Nyumba ya Malamulo anawonjezedwa kuchoka pa 193 kufika pa 229 pokonzekera chisankho cha 2025, kuchuluka kwa anthu m'madera kunali chimodzi mwa zoyezera zake. Ntchito zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerengera anthu a dera laling'ono ngakhale patapita zaka kalembera atachitika.

Ndipo amayi otsogola pa njirayi tili nawo. Pulofesa Nyovani Madise anayambira maphunziro ake ku University of Malawi, anakatenga udokotala ku yunivesite ya Southampton ku Britain, ndipo anakhala pulofesa kumeneko. Mlembi wamkulu wa United Nations anawasankha kukhala mmodzi mwa akatswiri 15 a padziko lonse amene analemba lipoti la chitukuko la m'chaka cha 2023. Kalembera wa 2018 uja anachitika ofesi ya ku Zomba ikutsogozedwa ndi mayi, Mercy Kanyuka. Atsikana athu sakupita m'thengo lopanda njira.

Pempho langa kwa amene mukupita ndi lakuti madzi saiwala khwawa. Mayiko a eni adzakukopani ndi malipiro abwino, ndipo palibe angakuweruzeni mukagwirako ntchito kanthawi. Koma kumbukirani kuti manambala amene akupatsani digiriyo ndi amayi a ku Nsanje ndi ku Chitipa amene anasiya khasu ndi kukhala pa mphasa kuyankha mafunso okhudza ana awo omwalira. Zimene mwapeza zibwerere kwa eni ake, m'chilankhulo chimene iwo angamve, ndipo zifike pa tebulo la amene amagawa chuma cha dziko.

Udindo wathu pakhomo

Ena mwa inu mukuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni, ife ana athu ali ku pulayimale. Komatu kumeneko n'kumene madokotala amenewa amapezeka kapena kutayika. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 15 ndi 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati, ndipo amayi 42 mwa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanafike zaka 18. Manambala otere ndi ena mwa zimene zinalimbikitsa aphungu kusintha malamulo aakulu a dziko m'chaka cha 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Lamulo lilipo, koma olisunga ndife. Mwana wamkazi akabwera kusukulu timupatse nthawi yolemba masamu ake dzuwa lisanalowe, ndipo ntchito za pakhomo tiziwagawira mofanana ndi alongo ake. Tileke kumuuza kuti masamu ndi a anyamata, pakuti amene amawerengera nkhokwe ndi ndalama za ku banki m'khonde ndife tomwe.

Chinanso chimene aliyense angachite ndi ichi. Mwana akabadwa timulembetse kuti alandire chiphaso cha kubadwa, ndipo kabuku ka kusikelo tikasunge pamalo osafika chiswe. Munthu akamwalira, imfa yake nayonso ilembetsedwe. Kalembera amachitika pafupifupi zaka khumi zilizonse, ndiye kuti wina sali kutali. Alembi akadzafika tidzawalandire bwino, tidzanene zaka zoona, ndipo tisadzabise mwana wolumala kapena khanda la masiku atatu. Wosawerengedwa sawerengeredwa mankhwala, desiki kapena thumba la chimanga pa nthawi ya njala.

Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi, kapena amene muli ndi ana amene ali pa ulendo umenewu, tilembereni kuti anzathu aphunzirepo.